Kagetsi kofiira ka mabuleki kakumatsalira ndikaliza galimoto m'mawa

Abiti_Mpondasi
Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi Sienta ya 2010 yomwe ndimapitira kuntchito pa Boma ndi kutulira ana kusukulu. Masiku ano ndikailiza m'mawa timagetsi tonse ta pa dashibodi timayaka n'kuzima monga mwa nthawi zonse, koma kamodzi kamatsalira: kofiira, kozungulira, kokhala ndi chizindikiro cha ! pakati. Kamayakabe mpaka nditalowa mumsewu wa tala, kenako kamazima kokha, masana onse osaonekanso. Dzulo ndi lero kabwera ndi kanzake kachikasu kolembedwa ABS, koma kameneko ndikazimitsa injini n'kulizanso kamachoka. Mabuleki akugwira ndithu. Nkhawa yanga ndi yoti Loweruka kuli ukwati ku Namwera, ndipo wonyamula apongozi ndi ana ndine. Ndipite nayo kapena ndiyambe ndaonetsa? Nanga ndikaonetse kwa wa magetsi kapena kwa makaniko?

Matola_Liwonde
Ndi handibuleki imeneyo mayi. Ya Sienta paja ndi yoponda ndi phazi, ikakalamba sibwerera yonse. Mukamasula muziikweza ndi nsonga ya nsapato mpaka ifike pamwamba.

Abiti_Mpondasi
Ndayesa zimenezo achimwene, mpaka ndinachita kuikoka ndi dzanja. Sikanazime.

Mnyamata_wa_Makawa
Batire basi. Vitz yanga inkachita zomwezo, nditagula batire latsopano zonse zinatha. Kuno ndi kotentha, mabatire sakhalitsa. Pitani ku ukwati mayi, galimoto za ku Japan zimadandaula ndi zazing'ono zomwe.

Che_Sipanala
Mphwanga wa ku Makawa, usamauze munthu kuti akwere phiri la Chowe la panjira ya ku Namwera ndi ana chifukwa choti yako inali batire. Sunaione galimotoyo.

Mayi, kagetsi kofiirako kamayatsidwa ndi zinthu zingapo, n'chifukwa chake anthu amakangana. Swichi ya handibuleki imakayatsa. Kompyuta ya ABS, yomwe imaletsa mateyala kukhoma mukaponda buleki mwadzidzidzi, ikaona vuto lalikulu imakayatsanso. Koma chomwe ndimakumana nacho kwambiri pagalaja ndi mafuta a buleki otsika. Tsegulani boneti galimoto itaima pamalo osapendekeka. Chakumbuyo kwa injini, mbali ya dalaivala, muona kabotolo koonekera mkati kolembedwa MAX ndi MIN m'mbali mwake. M'kabotolomo muli kachinthu koyandama. Mafuta akatsika nako kamatsika, n'kuyatsa kagetsi.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi mafuta omwe afika pamalire penipeni. Usiku mafuta amazizira n'kuphwerako pang'ono, makamaka ngati mumaimika galimoto popendekeka, kachinthu kaja n'kugunda pansi. Mukayenda, m'boneti mumatentha, mafuta amakwerako pang'ono, kagetsi n'kuzima. Kuzimako sikutanthauza kuti zachira ayi. Ndifunse: mukamadutsa pa mahampu kapena kukhota mwamphamvu, kamaphethira?

Abiti_Mpondasi
Eee bambo, kamaphethira pa mahampu. Ndimaona ngati ndi waya wolendewera. Ndipo pakhomo pathu ndi potsetsereka ndithu. Ndikaweruka ndikasuzumira kabotoloko.

Matola_Liwonde
Ndiye nkhani yatha. Gulani kabotolo ka mafuta a buleki a DOT 3 pa filing'i, thirani mpaka pa MAX, ulendo ulipo.

Che_Sipanala
Apa ndiye pomwe ndimasiyana ndi madalaivala. Mafuta a buleki sapsa ngati oyilo wa injini. Ali m'mapaipi otsekeka, ndipo akatsika ndiye kuti apita penapake. Mwina mapadi akutsogolo aperepeseka, pisitoni yatulukira kunja kutsatira padi, mafuta n'kudzaza malo otsalawo. Kapena akudontha. Mukangothira mwatseka pakamwa chinthu chomwe chimakuchenjezani, koma vuto lili pomwepo. Padi yatsopano imakhala ndi nyama yokwana mamilimita 10 kapena kuposerapo, ikafika pa 3 ndi yosintha. Ngati mapadi akadali ndi nyama koma mafuta ali pa MIN, funani podontha, musanyamuke.

Matola_Liwonde
Madala, ife timathira tsiku ndi tsiku pa msewu wa Liwonde ndipo tikuyenda.

Che_Sipanala
Ngati mukuthira tsiku ndi tsiku ndiye kuti galimoto yanu ikudontha tsiku ndi tsiku, ndipo mwanyamula ana a eni. Msewu wa Liwonde ndi wathyathyathya, n'chifukwa chake mukupulumuka. Bweretsani tiione, kuona sindilipiritsa.

Magetsi_Soko
Ndilowepo ine wa mawaya. A Sipanala akunena zoona pa kofiirako, koma mnyamata wa ku Makawa naye sanaphonye kwenikweni. Mayiwa atchula timagetsi tiwiri ndipo sitikuchita mofanana. Ka ABS kakuyaka pa kuliza koyamba, kukalizanso kachiwiri n'kuchoka. Kachitidwe kameneko ndi ka batire lofooka.

Sitata ndiyo imakoka magetsi ambiri kuposa china chilichonse m'galimoto. Batire labwino, galimoto itagona usiku wonse, limaonetsa mavoti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Likamaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Pa nthawi yoliza amatsika, koma sayenera kupitirira pansi pa 9.6 kapena 10. Batire lotopa limagwa kuposa apo kwa kamphindi kochepa, injini n'kulira ndithu, inu osadziwa kanthu. Koma kompyuta ya ABS imakhala yaona kuti magetsi aperewera, imadzitseka n'kuyatsa kagetsi. Mukalizanso injini yatenthako, oteneta yomwe imatchaja batire yabwezerako pang'ono, magetsi sagwa kwambiri, kagetsi n'kuzima. Pa Toyota tikalumikiza makina owerengera zolakwika timapeza nambala C1241, yomwe imanena za kuchepa kwa magetsi.

Musanagule batire onani mitu yake kaye. Misewu yathu yafumbi yamabampu imamasula matemino, ndipo pamamera ufa woyera uja. Ndaonapo anthu akugula batire latsopano pomwe vuto linali natiyo yomasuka kapena waya wa ethi wadzimbiri. Injini ikulira, oteneta izipereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikamapereka 12 ndi kanthu, batire lililonse lomwe mungaike lifa.

Ndiye mayi, mwina muli ndi mavuto awiri omwe angokumanizana sabata imodzi. La batire lingathe kukusiyani panjira. La mafuta ndi loopsa kuposa apo. Yambani kwa a Sipanala.

Mnyamata_wa_Makawa
Mwamva? Batire.

Magetsi_Soko
Werenganso mzere wotsiriza aise.

Mphunzitsi_Malindi
Funso la munthu wosadziwa za injini. Mwati ka ABS ndi kachikasu, kanzakeko ndi kofiira. Kodi ka ABS kokha kakayaka munthu ungayende?

Magetsi_Soko
Aphunzitsi, kachikasu kokha kakayaka mabuleki anu amagwirabe monga a galimoto yakale yopanda ABS. Chomwe mwataya ndi chitetezo choti mateyala asakhome mukaponda mwadzidzidzi, ndipo pa mchenga kapena pa tala wonyowa galimoto ingathe kuterereka. Mungayende pang'onopang'ono mpaka kukaonetsa. Koma tonse tiwiri tikayaka limodzi n'kukhala osazima, ndi nkhani ina. Pamenepo ngakhale kagawidwe ka mphamvu ya buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kamakhala kasiya kugwira ntchito, ndipo mateyala akumbuyo angathe kukhoma msanga galimoto n'kutembenuka.

Muzionanso nthawi yomwe kayakira. Kakayaka mutangotembenuza kiyi n'kukhala, kawirikawiri ndi waya woduka, fyuzi kapena magetsi ochepa. Kakazima bwinobwino n'kudzayaka galimoto itangoyamba kuyenda, kawirikawiri ndi sensa ya pa teyala yomwe sikuwerenga liwiro. Kwa inu a msewu wa Malindi ndi Makanjira zimenezi n'zosasowa. Sensayo ili pafupi ndi habu, imatola fumbi ndi tizitsulo, waya wake amakhuzika ndi matope ouma. Nyengo yokolola makoswe nawonso amadya mawaya a galimoto zogona pafupi ndi chimanga.

Fit_ya_Monkey_Bay
Pepani a Abiti ndilowerere pa nkhani yanu, chifukwa yanga ikufananako. Ndili ndi Honda Fit Hybrid ya 2014. Ndikadina batani m'mawa pamabwera uthenga wa Chijapanizi pa sikirini, ndi kagetsi ka buleki kachikasu. Ndinajambula ndi foni n'kumasulira pa Google, akuti ndikaonetse mabuleki. Mafuta ali pa MAX, mapadi ndinasintha chaka chomwe chino. Wina wandiuza kuti ndigule pampu yonse ya ABS, mtengo wake nditaumva mutu unandizungulira.

Magetsi_Soko
Musagule kanthu kaye achimwene. Anthu ambiri a ma hybrid amaiwala kuti kupatula batire lalikulu lija, galimoto ili ndi kabatire kakang'ono ka mavoti 12, ndipo ndi kamene kamadzutsa makompyuta onse. Pa galimoto wamba batire likatopa mumamva sitata ikukoka mwaulesi. Pa hybrid simumva kanthu, chifukwa nthawi zambiri injini imalizidwa ndi mota ya batire lalikulu. Ndiye kabatire kaja kamafa mwakachetechete, chizindikiro choyamba n'kukhala mauthenga ngati amenewo. Mabuleki a Fit imeneyo amathandizidwa ndi mota yamagetsi, ndiye magetsi akachepa ndi iwo amayamba kudandaula. Ngati kabatireko ndi komwe kanabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, ndikukayikira komweko.

Sindikunena kuti pampu siingafe. A Prius ndi Aqua amadziwa. Mukatsegula chitseko cha dalaivala mumamva kamota kakulira kwa timasekondi, ndiko kupopa mphamvu ya buleki, ndipo n'zabwinobwino. Koma kakamalira pafupipafupi inu osaponda kanthu, ndiye kuti mphamvuyo ikuthawira mkati, ndipo makina amaonetsa C1391. Pamenepo ndiye ndalama zituluke. Koma munthu asakuuzeni kugula pampu asanayeze batire ndi kuwerenga nambala.

Fit_ya_Monkey_Bay
Batire ndi lomwe linabwera nayo. Ndipo magetsi akazima kunyumba timatchajira mafoni m'galimoto momwemo, wailesi ikulira.

Magetsi_Soko
Ngati mumatero galimoto isali pa READY, kutanthauza isanalizidwe, mukukama kabatire komweko.

Lole_ya_Usipa
Za ma hybrid ndi zanu anyamata. Ine ndikumbutse a ma dizilo akale, chifukwa pagulu pano alipo ambiri onyamula nsomba. Hilux ya injini ya 3L kapena 5L, pampu yokoka mpweya yothandizira buleki ili kumbuyo kwa oteneta. Lamba akaduka kapena kuterereka mwataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: kutchaja ndi kufewa kwa buleki. Pedulo imauma gwa, mumachita kuimirira nayo. Zinandichitikira ndikutsika ku Golomoti ndi katundu, ndinapulumukira giya. Ndiye mukaliza m'mawa n'kuona kagetsi ka batire ndi ka buleki tatsalira limodzi, yang'anani lamba musanatuluke pageti.

Magetsi_Soko
Zoona madala. Ngakhale pa ma petulo, Toyota ndi Nissan zambiri zakale zimayatsa timagetsi tiwiri timeneti limodzi oteneta ikasiya kutchaja. Anthu amathamangira kumasula mateyala pomwe vuto lili pa oteneta.

Kondakitala_Namiyasi
Akuluakulu, nanga zija amati mafuta a buleki akakuthera kutchire ungathire madzi a sopo, n'zoona? Bwana wanga wakale ankatero pa minibasi.

Matola_Liwonde
Zimagwira. Zinatifikitsapo pa Ulongwe usiku.

Che_Sipanala
Zinakufikitsani chifukwa panalibe mtsetse ndipo munalibe mwadzidzidzi. Madzi amawira pa madigiri 100. DOT 3 yatsopano siwira mpaka 205, DOT 4 mpaka 230. Mabuleki akatentha kutentha kumafika ku mafuta, ndipo akawira mumakhala nthunzi m'mapaipi. Nthunzi imafinyika, ndiye pedulo imangopita pansi galimoto osaima. Pamwamba pa apo madzi amadyetsa dzimbiri masilinda onse. Galimoto yomwe inathiridwapo madzi a sopo ndimaidziwa ndikangomasula.

Ena amathira oyilo wa injini kapena wa giyabokosi. Amenewo amatupitsa marabala onse, kuyambira pa masita silinda, pampu yomwe imakankha mafuta mukaponda pedulo, mpaka ku mateyala, ndipo mumasintha zonse.

Ndipo mafuta enieniwo amakoka chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. DOT 3 yomwe yamwa madzi imatha kuwira pa 140 basi. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Kuno kunyanja ndi angati anasinthapo? Ambiri timangothira pamwamba pa omwe anabwera nawo pa sitima. Mukaona ada ngati tiyi wopanda mkaka, atha ntchito.

Nachisale_Koche
A Sipanala, DOT 3 ndi DOT 4 zingasakanizidwe? Pa shopu anandipatsa 4 pomwe pa chivindikiro palembedwa 3.

Che_Sipanala
Zimasakanizika achemwali, 4 m'malo mwa 3 palibe vuto. Chosayenera ndi kuthira 3 pomwe palembedwa 4, komanso DOT 5, yomwe ndi mtundu wina ndipo sisakanizika ndi zinzakezo. Gulani botolo lomata, osati othiridwa m'kabotolo ka madzi pamsika. Akadonthera pa penti tsukani msanga ndi madzi, amasupula.

Mphunzitsi_Malindi
Popeza tafika pa zogula, ine chomwe chimandipweteka ndi cha ogulitsa galimoto ena. Mlamu wanga anagula Passo kwa munthu, pa dashibodi pali phee, palibe kagetsi kalikonse. Patapita nthawi wa magetsi atamasula anapeza kuti kuseri kwa ka ABS anamatako tepi yakuda.

Magetsi_Soko
Zimenezo ndimazipeza, ena amachita kuchotsa babu. Njira yozigwirira ndi yosavuta. Tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza injini. Timagetsi tonse tiyake: ka buleki, ka ABS, ka injini, ka oyilo, ka batire, ka eyabagi. Galimoto imachita dala zimenezo kuti muone kuti mababu ndi amoyo. Komwe sikakuyaka pamenepo ndiye kokayikitsa. Anthu amaopa kagetsi koyaka, ine pogula ndimaopa kosayaka.

Lole_ya_Usipa
Muziwerama n'kuyang'ananso pansi. Galimoto zina zimachokera kumadera a chipale chofewa ku Japan komwe amathira mchere mumsewu, mapaipi a buleki amabwera atadyeka kale ndi dzimbiri. Pamwamba penti ikuwala, pansi zaola.

Mnyamata_wa_Makawa
Koma zoona zake galimoto zakale zinali bwino. Datsun ya agogo inalibe timagetsi tonseti ndipo imafika ku Chiponde n'kubwerako.

Nachisale_Koche
Imafika, koma nthawi imeneyo pa mlatho panalibe njinga zamoto za kabaza zodutsa kumanzere ndi kumanja komwe. Lero kuchoka pa Boma kukafika kutsidya umaponda buleki kosawerengeka.

Kondakitala_Namiyasi
Akabaza asiyeni mayi, nawonso akusaka ya ndiwo. Ena mwa iwo buleki yakutsogolo anaimasula kale, amati imagwetsa.

Mkulu_wa_Gulu
Abale, za kabaza tidzatsegulira nkhani yake. Tibwerere kwa a Abiti. Mayi, mwasuzumira?

Abiti_Mpondasi
Ndasuzumira bambo. Mafuta ali pansi pa MIN pang'ono, ndipo ndi akuda. Pansi pomwe ndimaimika sindikuona podontha paliponse, ndi pa dothi koma pouma. Ndiye mwina ndi mapadi aja?

Che_Sipanala
Mwina, koma kusaona dontho pansi si umboni. Sienta yanu kutsogolo ili ndi madisiki, kumbuyo madiramu. M'diramu muli kasilinda kokankha mashuzi, ndipo rabala yake ikatha mafuta amachucha pang'onopang'ono mkati momwemo, n'kusakanikirana ndi fumbi kukhala phala lakuda. Pansi safika. Masita silinda nayo imatha kudonthera kumbuyo kwake, m'chibusita chakuda chija chomwe chimafewetsa pedulo, osaoneka kunja.

Chitani izi madzulo ano, sizifuna sipanala. Tengani tochi muunike kuseri kwa teyala lililonse, mbali ya mkati. Ponyowa kapena pomwe fumbi lamatirira mwamafutamafuta, ndi pamenepo. Kenako khalani pampando injini ili chizimire, pondani buleki kangapo mpaka iume. Mutaipondabe choncho lizani injini. Pedulo itsike pang'ono n'kuima, ndiye kuti busita ili bwino. Pitirizani kuponda ndi mphamvu yofanana kwa theka la mphindi. Ikamamira pang'onopang'ono kulowera pansi, mafuta akuthawa penapake, ndipo galimotoyo isayende mtunda.

Mwati mabuleki akugwira, ndikukhulupirira. Mapaipi anawagawa pawiri kuti mbali imodzi ikafa inayo igwireko, ndipo kudontha kochepa simungakumve pa liwiro la m'tauni. Kumadzaonekera pomwe mwaponda mwamphamvu, galimoto yodzaza, mabuleki atatentha. Ku Namwera popita ndi chikweza, simudzaona vuto. Pobwerera madzulo, kutsika makhotakhota aja, ndi pomwe mabuleki amagwira ntchito yonse.

Abiti_Mpondasi
Ndaunika. Teyala lakumbuyo mbali ya kumanzere, kunsi kwa chitsulo chozungulira chija, kwanyowa ndipo kwada. Enawo ndi ouma. Pedulo ikutsika koma pang'onopang'ono kwambiri, mwina ndi mantha anga.

Che_Sipanala
Si mantha mayi, ndi silinda imeneyo. Tsopano thirani mafuta mpaka pa MAX, cholinga chongofikira pagalaja basi. Mawa m'mawa ana akwere china. Yendani pang'onopang'ono, kwa makaniko amene mumamukhulupirira, kaya ine kaya wina.

Mukafika muwauze kuti amasule madiramu onse awiri. Mashuzi omwe anyowa ndi mafuta sachapidwa ndi petulo n'kubwezeretsa, ngakhale ena amatero. Amasinthidwa, ndipo mbali zonse ziwiri, apo ayi galimoto izikokera mbali imodzi. Ine ndimalangiza kusinthiratu masilinda onse awiri, chifukwa anabadwa tsiku limodzi. Popeza mafuta ndi akuda, apope onse atuluke mpaka oyera ayambe kubwera pa teyala lililonse. Aonenso mapadi akutsogolo mateyala ali chomasula.

Matola_Liwonde
Kungosintha marabala a m'silinda sikukwanira madala? Ndi zotchipa kwambiri.

Che_Sipanala
Ngati mkati mwa silinda muli mosalala, marabala amagwira. Koma ya mafuta akuda chonchi kawirikawiri mumakhala mutakumbika ndi dzimbiri, rabala yatsopano imadyeka msanga n'kuyambanso kudontha. Aione ndi maso asanasankhe.

Lole_ya_Usipa
Ndipo zikakonzedwa mayi, potsika Chowe musagoneke phazi pa buleki njira yonse. Chotsani pa D muike pa S kapena B, zina zimalembedwa 2 kapena L, injini izikugwirirani. Pondani mwamphamvu pang'ono, siyani, pondaninso. Mukamva fungo lopserera imani pamalo otakasuka zizizire, musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika.

Nachisale_Koche
Ine B ameneyu ndimaona ngati ndi wa pa matope. Zikomo madala.

Abiti_Mpondasi
Ndabwerako kugalaja. Silinda yakumanzere inali yonyowa yonse, mashuzi ake akuda bii. Yakumanja inali itayamba kuchucha nayonso atatukula rabala. Asintha zonse ziwiri ndi mashuzi, apopa mafuta atsopano. Mapadi akutsogolo akuti akadali ndi nyama. Pedulo tsopano ikugwirira pamwamba, kusiyana ndi kale, ndipo kofiira kaja m'mawa uno sikanatsalire. Koma ka ABS kanayakanso pa kuliza koyamba. Anayeza batire, akuti likuonetsa 12.1 ndipo poliza likugwa mpaka 9. Oteneta akuti ili bwino. Ndalama zathera ku mabuleki, batire ndigula mwezi ukatha. Lingandifikitse Loweruka?

Mnyamata_wa_Makawa
Paja ndinanena za batire.

Nachisale_Koche
Unanenanso kuti apite ku ukwati osaonetsa. Zimenezo usaiwale.

Magetsi_Soko
Mayi, batire logwa mpaka 9 lili kumapeto, ndipo kutentha kwa mwezi uno kulimaliza msanga. Lingathe kukufikitsani, lingathenso kukana kuliza madzulo ku Namwera. Sienta yanu ndi otomatiki, siilira pokankha. Ngati simungagule lisanafike Loweruka, tsukani matemino ndi kuwamanga bwino, ngati ndi la zivindikiro onani madzi ake, ndipo likagone pa tchaja Lachisanu. Tengani majampa m'galimoto. Ku ukwatiko ana asamvere wailesi kapena kutchaja mafoni injini ili chizimire. Chachikulu: ka ABS kakayaka poliza, zimitsani n'kulizanso kuti kachoke musananyamuke. Kakakana kuchoka mutsike phirilo mukudziwa kuti ABS palibe. Kofiira kakabweranso panjira, imani muone mafuta.

Mphunzitsi_Malindi
Kapena abwereke batire la mnansi kwa tsiku limodzi, Sienta zachuluka pa Mpondasi.

Magetsi_Soko
Zimatheka, bola likhale la saizi yomweyo ndipo mitu yake iyang'ane mbali yofanana. Mukalumikiza mopingasa mupsereza fyuzi yaikulu, mwinanso oteneta. Pochotsa yambani ndi waya wa nekativu, pobwezeretsa mumalizire womwewo.

Fit_ya_Monkey_Bay
A Magetsi, yanga ndayezetsa masana ano nditangofika pa Boma, akuti 12.5, batire lili bwino. Ndiye kuti ndi pampu ija?

Magetsi_Soko
Mwayeza mutangoyenda ulendo wonse wochokera ku Monkey Bay, batire lililonse limaoneka lamoyo nthawi imeneyo. Uthenga wanu umabwera m'mawa, ndiye liyezedwe m'mawa, galimoto itagona, musanadine batani. Ngati kwanuko kuli wa mita, ayeze pa mitu ya batire penipeni kenako muyatse nyali zakutsogolo aone mmene likugwera. Apo ayi isiyeni kuno igone, tidzaiyeze mawa lake ndi kuwerenga nambala. Ndipo pofika pano musalole wina afufute zolakwikazo ndi makina, ndikufuna ndizione mmene zilili.